Thobwa la Ilham Lakana Kutsekemera

Ilham ankakhala ku Ulongwe. Amayi ake anali ndi khanda. Achibale ankabwera mawa lake kudzaona khandalo. Ilham ankafuna kuwaphikira thobwa lotsekemera.

Ilham anaphika phala. Phala linawira. Koma mwana ameneyu kudikira sankakudziwa! Anathira chimera phala likubwata. Anatakasa. Analawa. Anatakasanso. Analawanso. Phala silinatsekemere.

Ilham analira. Chimera chinali chitatsala pang'ono.

Achemwali ake a Habiba anafika kuchokera kusukulu.

"Iwe, ukulira chiyani?"

"Achemwali, thobwa lakana."

"Unathira chimera phala likuwira eti?" anatero a Habiba. "Wawotcha antchito ako! M'chimera muli antchito aang'onoang'ono. Saoneka ndi maso. Kusukulu timati maenzaimu. Amasandutsa phala kukhala shuga. Koma amaopa moto."

A Habiba anamupatsa chimanga chophika.

"Tafuna. Tafunabe. Usameze."

Ilham anatafuna. Anatafunabe.

"Chikutsekemera!"

"Eya. M'malovu mwako muli abale awo. Kalekale kholo lawo linali limodzi. Ana anachuluka. Anasintha pang'onopang'ono. Ena ali m'chimera. Ena ali m'malovu. Ena ali m'mbatata."

"Ngati ife!" anatero Ilham. "Amalume ali ku Phalula. Azakhali ali ku Rivirivi."

Kenako Ilham anayang'ana mphika.

"Ndiye ndilavuliremo?"

"Iyayi! Usayerekeze!" A Habiba anaseka mpaka misozi.

Ilham anaphula mphika. Anadikira. Anadikirabe. Kudikira kunamuwawa zedi. Kenako anakhudza phala ndi chala. Linali lofunda chabe.

Anathira chimera chonse chotsala. China panalibe.

Anatakasa. Anavindikira. Anadikiranso.

Madzulo anavundukula. Phala linali litasungunuka. Ilham analawa.

"Achemwali! Latsekemera! Latsekemera!"

Anavina kuzungulira mphika. Nkhuku zonse zinathawa.

M'mawa Ilham anawiritsanso thobwa. Linazizira. Achibale anafika. Ananyamula khanda. Anakhala pamphasa.

Amalume a Zubairu anamwa. Anamwa osapuma. Anapukuta ndevu.

"Achemwali, mwathira shuga wambiri bwanji!" anatero amalume kwa amayi.

"Iyayi, mulibe shuga," anatero amayi. "Ndipo sindinaphike ine. Waphika ndi Ilham."

Amalume anayang'ana Ilham. Anatambasula kapu ndi manja awiri.

"A Ilham," anatero, "tionjezereniko."