Mabanzi a Mwana wa M'mimba

Lok-yi anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Amayi ake anali oyembekezera. Mimba yawo inali yaikulu ngati chivwende.

Lamulungu m'mawa amayi anati, "Mwana akufuna mabanzi a kasitadi."

"Wakuuzani bwanji?" anafunsa Lok-yi.

"Wandiponda kawiri."

Lok-yi anada nkhawa. Mwanayo akapanda kudya, mwina adzabadwa wokwiya!

Lok-yi, amayi ndi bambo anapita ku Sham Shui Po kukadya dim sum, tizakudya tophika ndi nthunzi. Malo odyera anali odzaza. Anapeza tebulo pakona, kutali ndi khitchini.

Tingolo ta zakudya tinkazungulira. Pa tingolopo panali timadengu ta nsungwi. Nthunzi inali tolo!

"Mabanzi a kasitadi!" anafuula anti okankha kangolo.

Anthu anadzambatuka. Bambo nawo anaimirira.

"Inu khalani phee," anatero bambo. "Ndikubwera nawo."

Koma bambo anali aulemu kwambiri.

"Yambani inu, agogo."

"Dutsani inu, achimwene."

Munthu wina anawaponda phazi. Bambo anati, "Pepani."

Anabwera ndi kadengu. Lok-yi anavundukula. Mapazi a nkhuku!

"Mabanzi atha," anatero bambo. "Koma antiwo amandiyang'ana. Ndinachita manyazi kubwera chimanjamanja."

Amayi anagwira pamimba. "Wandipondanso."

Kangolo kanatulukanso. Bambo anapitanso. Anabwera ndi kadengu kena. Lok-yi anavundukula. Chifu cha ng'ombe!

Amayi anagwiranso pamimba.

Kangolo kanatuluka kachitatu. Bambo anapita kachitatu. Anabwera opanda kanthu. Magalasi awo anali atachita nthunzi. Anakhala pa tebulo la eni.

"Akazi anga, athanso," anauza agogo ena achilendo.

"Akazi anu ndani?" anatero agogowo. "Ine ndili ndi mwamuna wanga kale!"

Lok-yi anakawagwira dzanja bambo ake. Anawakhazika pampando wawo. Kenako anaganiza. Kodi tingolo timachokera kuti?

Anaona chitseko. Anakaima pomwepo. Anadikira. Anadikirabe. Chitseko chinatseguka. Munatuluka bambo wina akupukuta m'manja.

Chinali chimbudzi!

Lok-yi anathamangira chitseko china. Kumeneko kunkanunkhira. Mbale zinkalira m'kati. Chitseko chinatseguka. Kangolo ako!

"Iwe kamwana, choka panjira!" anakalipa anti aja. "Ndikugunda!"

"Anti, mwana wathu ali ndi njala."

"Ali kuti mwana wanuyo?"

"Sanabadwe."

Anti anaima. Lok-yi analoza pakona. Anti anaona amayi. Anaona mimba. Anaonanso bambo akupukuta magalasi.

"Aja ndi bambo ako?"

"Inde."

"Aja a pepani aja?"

"Omwewo."

Anti anaseka mpaka misozi. "Gwira apa. Tiye!"

Lok-yi anagwira kangolo. Anakankha limodzi ndi anti.

"Madzi otentha! Madzi otentha!" anafuula anti.

Anthu anapatuka msanga. Koma madzi otentha panalibe.

"Madzi otentha!" anafuula Lok-yi nayenso.

"Anti, mabanzi kuno!" anakuwa anthu.

"Dikirani! Ayambe abwana aang'ono!"

Kangolo kanafika pakona. Anti anaika kadengu patebulo. Lok-yi anavundukula. Mabanzi atatu! Oyera, ofewa, otentha.

"Zikomo, Anti!" anatero Lok-yi.

"Pepani tavutitsa," anatero bambo.

Amayi anatenga banzi limodzi. Analuma mwamphamvu. Kasitadi anathudzuka. Anakagwera pamphuno pa bambo. Mphuno yonse inasanduka yachikasu.

Amayi anaseka. Lok-yi anaseka. Agogo achilendo aja nawo anaseka. Bambo anatulutsa lilime, koma silinafike pamphuno.

Amayi anadya banzi lawo. Anadyanso la bambo. Lok-yi anadya lake msangamsanga.

Kenako anaika khutu pamimba ya amayi. Phu! Mwana anamuponda patsaya.

"Akuti chiyani?" anafunsa bambo.

"Akuti muwonjezere."

Bambo anakonza magalasi. Anayamba kuimirira.

"Ayi!" anatero amayi.

"Ababa, khalani pansi," anatero Lok-yi. "Imwani tiyi. Ndipita ine."