Ndani Anawerenga Asilikali Aja?

Panali mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi. Anzake ankamutcha Kapensulo. Pensulo sinkachoka pakhutu pake. Kapensulo ankakonda masamu. Koma ankaopa kuyankhula pagulu.

Lolemba aphunzitsi anamuloza ndi choko. Anati Lachinayi adzaime kutsogolo. Adzafotokoze nkhani ya pa tsamba 40. Kapensulo anavomera ndi mutu. Mtima wake unati phaphapha.

Ataweruka anapita kushopu ya amayi ake. Amayi ake anali telala. Mushopumo munali makina osokera amodzi. Munali tebulo lalitali lodulirapo nsalu. Kapensulo analowa pansi pa tebulo. Anatsegula buku la kusukulu.

Nkhaniyo inali ya nkhondo yakalekale. Asilikali a ku Perisiya anapita kukamenyana ndi Agiriki. Buku linati asilikaliwo anaposa miliyoni imodzi. Linati atamva ludzu anamwa mtsinje mpaka unauma. Linati analemba zimenezi ndi Mgiriki wina, wolemba mbiri.

M'munsi mwa tsamba munali manambala awiri. Chaka cha nkhondo chinali 480. Chaka chobadwa wolembayo chinali cha m'ma 484.

Kapensulo anatenga pensulo yake. Analemba 484. Anachotsera 480. Panatsala 4. Anachotseranso kachiwiri. Panatsala 4 yemweyo.

Nambala yaikulu imabwera pambuyo. Izi Kapensulo ankazidziwa. Ndiye kuti wolembayo anabadwa nkhondo itatha kale. Munthu wosabadwa angawerenge bwanji asilikali?

Kapensulo anatseka buku. Analitsegulanso. Manambala sanasinthe. Kodi buku linganame?

Lachiwiri anafuna kufunsa aphunzitsi. Anaima pakhomo la kalasi. Aphunzitsi ankachonga makope ndi cholembera chofiira. Iwo ankakonda kunena kuti yankho lili m'buku. Ankanena zimenezi tsiku lililonse. Kapensulo anabwerera osafunsa.

Akanena za m'buku, anena zomwe sakuzikhulupirira. Akatsutsa buku, aphunzitsi akwiya. Anzake amuseka. Mtima wake unati phaphapha.

Lachitatu chakudya chamasana chinamukanika. Amayi anaimitsa makina. Anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mwanawe, watani? M'mimba kodi?"

Kapensulo anapukusa mutu. Anawaonetsa tsamba 40. Anawaonetsa masamu ake. Anafotokoza motsitsa mawu.

Amayi anawerenga pang'onopang'ono. Anati za kusukulu zambiri anaziiwala. Koma iyi yokha ankaikumbukira. Anavula tepi yoyezera m'khosi mwawo. Anaiyala patebulo. Anaika chala cha Kapensulo pa 84, m'malo mwa 484.

Anamuuza kuti zimenezi ndi zaka za Yesu asanabadwe. Zaka zimenezo sizikwera. Zimatsika. Zimayenda kulowera ku 1. Anamuuza kuti ayendetse chala.

Chala chinayenda. 84. 83. 82. 81. 80.

"Ndiye anabadwa nkhondo isanayambe," anatero Kapensulo. "Anali ndi zaka zinayi."

Anapuma mpweya wautali. Buku silinaname za zaka. Analakwitsa ndi iye.

Pakona panali mng'ono wake wa Kapensulo. Nayenso anali ndi zaka zinayi. Ankasewera ndi mabatani a m'chitini. Ankawawerenga mokweza.

"Wani, thu, fili, seveni, handiredi!"

Pansi panali mabatani asanu okha.

Amayi anaseka. Kapensulo sanaseke. Anayang'ana mng'ono wake. Anayang'ana buku. Mwana wa zaka zinayi angawerenge miliyoni? Mantha aja anabwereranso.

"Amayi, ndiye Mgiriki uja ananama?"

Amayi anapinda tepi yawo. Anati makasitomala ambiri amabwera ndi muyezo wawo pamutu. Wina amati chiuno chake ndi 70. Tepi imati 82.

"Amakhala akunama?"

"Ayi. Amanena zomwe anamva kwa telala wina, kalekale. Ine ndimawamvera bwinobwino. Kenako ndimayeza."

"Nanga aphunzitsi akakwiya?"

Amayi anati zimenezo sakuzidziwa. Anati ayankhule mwaulemu. Anene zomwe buku likunena. Anenenso zomwe iye wapeza. Kenako anapondanso makina.

Lachinayi linafika. Belu linalira. Aphunzitsi anaitana Kapensulo. Kapensulo anadzuka. Anaima kutsogolo. Maso onse anali pa iye. M'manja mwake munali pepala la masamu ake aja.

Anayamba ndi nkhondo. Ananena chaka chake. Ananena za asilikali oposa miliyoni. Ananena za mtsinje wouma. Aphunzitsi ankagwedeza mutu. Nkhani ya m'buku inathera pamenepo.

Kapensulo sanakhale pansi. Mtima wake unati phaphapha.

"Aphunzitsi, ndili ndi funso."

"Funsa."

"Wolembayu anali ndi zaka zinayi zokha. Ndiye asilikali aja anawawerenga ndani?"

Wina kumbuyo anati khi khi khi. Aphunzitsi sanaseke. Anatambasula dzanja. Anatenga pepala la Kapensulo. Analiyang'ana nthawi yaitali. Kapensulo anayang'ana nsapato zake.

Aphunzitsi anafunsa amene anamuuza zimenezi. Kapensulo anati manambala ali m'buku momwemo. Ali m'munsi mwa tsamba 40. Ana onse anatsegula mabuku. Zala zinatsikira m'munsi. Manambala analipodi.

Aphunzitsi anakanda pamutu ndi choko. Tsitsi lawo linayera pang'ono. Anati phunziroli aliphunzitsa zaka zisanu ndi chimodzi. Palibe mwana anafunsapo funso limeneli.

Kenako anafotokoza. Wolembayo atakula anayenda maulendo ataliatali. Anafunsa anthu okalamba. Analemba zomwe anamva. Pakanapanda iye, tikanadziwa zochepa za nkhondoyo. Koma nambala ija sanaiwerenge yekha. Akatswiri a lero amati asilikaliwo anali ambiri ndithu. Koma sanafike miliyoni. Nambala yeniyeni palibe akuidziwa.

"Nanga mtsinje uja?" anafunsa mtsikana wa pawindo.

Aphunzitsi anati mwina kanali kamtsinje. Mwina inali nthawi yotentha. Mwina nkhani inakula poyenda pakamwa. Anati nawonso sakudziwa. Ana anayang'anana. Anali asanamvepo aphunzitsi akunena mawu amenewo.

Aphunzitsi anapita pabolodi. Analemba ndi zilembo zikuluzikulu: ANAONA KAPENA ANAMVA? Anauza ana onse kuti akopere m'makope. Anamubwezera Kapensulo pepala lake.

"Kakhale pansi. Wachita bwino."

Ana ena anawomba m'manja.

Masana Kapensulo anafika kushopu. Mlongo wake wamkulu anali atafika kale. Iye anali wa kalasi ina. Anali pakati pa makina ndi tebulo, manja ali m'mwamba. Ankauza amayi kuti sukulu yonse inawomba m'manja. Ana wani sauzande! Mawindo anagwedezeka!

"Iwe unalipo?" anafunsa amayi.

"Ayi. Ndangomva."

Amayi anatembenukira kwa Kapensulo.

"Anawomba ndi ana khumi ndi awiri, achimwene," anatero Kapensulo. "Ndinawawerenga."

Amayi anaseka mpaka magalasi anatsetsereka. Anamukumbatira, tepi ili m'khosi. Kapensulo anamva njala. Anapempha chakudya, ndipo anadya chonse.