Kabelu Sapita kwa Mlendo

"Kodi basi ya m'tauni yadutsa kale?"

Anthu anali atathithikana pansi pa kadenga ka pasiteji, aliyense akubisa nsapato zake ku mvula. Wofunsayo anali mnyamata wamtali, magalasi ake atadzaza madontho moti sankaona n'komwe amene akumufunsa.

Anti anamuyang'ana, n'kuyang'ana kumbali. Dzina loti Anti anamupatsa ndi ana a kusukulu yamkaka kumene ankagwira ntchito, ndipo linamukakamira mpaka amayi ake omubereka ankamuitana choncho. Anali ndi digiri ya kakulidwe ka ana, imene tsopano inkamuthandiza kupukuta mamina mwaukadaulo.

Anatulutsa kansalu m'chikwama.

"Pukutani magalasiwo. Basiyo muiona nokha."

Mnyamatayo anapukuta, n'kuvalanso. "Ndaona zoposa basi."

"Ndiye kuti sanayere. Pukutaninso."

Zinayamba choncho. Mnyamatayo ankagwira ntchito m'sitolo yoyeza maso, ndipo m'foni Anti anamulemba kuti Wamagalasi. Mauthenga ankafika m'mawa uliwonse.

"Duwa langa, wadzuka? Dzuwa likukana kutuluka, likuti uyambe ndiwe."

"Liuzeni lituluke. Matewera sakuuma kuno."

Ankayankha mwamwano choncho, koma uthenga uliwonse ankauwerenga mobwereza. Ndani sangatero? Chaka chisanathe, mphete inali pachala.

Loweruka ndi Lamlungu Wamagalasi sankapezeka. Ankati amapita kukasamalira amayi ake odwala, ndipo Anti ankadziuza kuti mwamuna wosamala mayi ake sangalephere kusamala mkazi. Kusukulu sanafikeko. Ankamudikira pasiteji.

"Ana amandiopsa," ankatero. "Ine khanda sindinanyamulepo, ndimaona ngati lindithyokera m'manja. Woyamba kumunyamula adzakhala wako, duwa langa. Ndikulonjeza."

Mwezi umene anayamba kukamba za tsiku laukwati, m'kalasi mwa Anti munabwera mwana watsopano, kamtsikana kongoyamba kuyenda. Kankalira kuchokera pageti mpaka nthawi yoweruka, ndipo aphunzitsi anakatcha Kabelu. Kakaona mwamuna ndiye zinkanyanya. Mlonda anasiya kudutsa pawindo. Abambo obwera kudzatenga ana awo ankaima patali ngati apalamula.

Kabelu anali ndi khalidwe linanso: magalasi. Tsiku loyamba anatsomphola magalasi a aHedi, mkulu wa sukuluyo, n'kuwathyola mwendo. Kuyambira pamenepo aHedi ankayamba avula asanamunyamule.

Mayi ake a Kabelu anali namwino, wothamanga nthawi zonse, maso ofiira ndi tulo.

"Anti, mwanayu ali bwinobwino? Anzake saliratu chonchi."

"Ali bwino, mayi. Pamsinkhu uwu mwana amasankha anthu ake. Wachilendo aliyense amamukana. Si matenda, ndi nzeru zikubwera."

"Kunyumba amangofuna ine ndi bambo ake basi. Koma bambo akewo ntchito yawo ndi yakutali, timawaona kumapeto kwa sabata."

Anti anagwedeza mutu, n'kulandira chikwama cha matewera. Makolo otere anali ambiri.

Lachisanu lina, Anti ndi Wamagalasi anapangana zokadya kwa amayi a Anti. Ana onse anali atatengedwa kupatula Kabelu, amene mayi ake anatumiza uthenga woti achedwa pang'ono. Timipando tinali titasanjikizidwa pakona, pansi patakolopedwa. Anti ankayendayenda naye m'chiuno, Kabelu akulira kulira kwa munthu wotopa.

Foni inalira. "Lero sindidikira pasiteji. Cheuka."

Wamagalasi anali pakhomo la kalasi, maluwa m'manja, akumwetulira.

"Imani pomwepo," anatero Anti. "Uyu amaopa amuna."

Kulira kunaduka.

M'kalasimo munakhala bata limene Anti sanalimvepo chibwerere mwanayo. Kabelu anatambasula manja onse awiri, n'kudziponya kutsogolo mwamphamvu moti Anti anatsala pang'ono kumugwetsa.

Kumwetulira kwa Wamagalasi kunauma. Anaika maluwa pakatebulo. Kenako dzanja lake linakwera lokha, linavula magalasi, n'kuwalowetsa m'thumba la malaya. Atatero ndi pamene anamulandira mwanayo.

Kabelu anagoneka mutu paphewa lake, chala mkamwa, dzanja lina litagwira khutu lake. Mwamunayo anayamba kugwedera uku ndi uku, pang'onopang'ono, osadziwa kuti akugwedera.

Anti anaona zonse. Akanakonda akanakhala kuti sanaphunzire.

"Mwavuliranji magalasi?"

"Ana amakonda kukoka."

"Ana ake ati? Paja inu simunanyamulepo."

"Duwa langa…"

"Mwanayu wakhala nane masabata angapo. Ndimamusambitsa, ndimamudyetsa, koma sanandigwirepo khutu."

Wamagalasi anayang'ana pansi. Popanda magalasi nkhope yake inkaoneka yachilendo, ya munthu amene Anti akanamudutsa pamsewu.

"Ndimati ndikuuze. Ndinkangosowa poyambira. Amayi ake ananena kuti amupezera sukulu, koma sindinafunse kuti ndi iti. Zinthu zimenezi amayendetsa ndi iwowo."

"Ndiye amayi anu odwala aja ndi awa? Pepani. Ndaona mano akuwamera kumene."

"Usatero. Ine ndi amayi ake zinatha kalekale. Ndimangopitira mwanayu. Mtima wanga uli kwa iwe, ukudziwa."

Anti ankafuna kukhulupirira. Mwina zinathadi? Kodi alipo ochepa amene analekana koma akulera limodzi? Bambo amene mwana wake amamugonera chonchi, angakhale woipiratu?

Panja geti linalira. Panamveka mawu a namwino akupepesa kwa mlonda chifukwa chochedwa.

Nkhope ya Wamagalasi inasintha.

"Mutenge," ananong'ona. "Chonde, mutenge. Kuli khomo lakumbuyo?"

Anayesa kumuchotsa paphewa, koma Kabelu anakakamira kolala, n'kuyamba kudandaula. Anti anaika manja kumbuyo.

"Paja zinatha kalekale."

"Ndikupempha, wapamtima wanga."

"Mwana akagona sitimudzutsa. Ndi lamulo la sukulu."

Nsapato zinamveka m'khonde. Namwino analowa akupuma mofulumira, n'kuima.

"Bambo ake! Mwabwera liti? Ndimayesa mufika mawa." Anaseka, kutopa konse kutachoka pankhope. "Mpaka sukulu mwaidziwa! Ndiye mumamva ndikamayankhula eti? Anti, awa ndi amuna anga aja. Mwaona mmene wakhalira chete?"

"Ndaona, mayi."

"Maluwawa ndi a ndani?"

Anti anatenga maluwawo n'kuwapereka kwa namwino.

"Abwera nawo ndi iwowa."

Namwino anawanunkhiza ngati mtsikana. "Chikwatirane sanandigulirepo. Anti, sukulu yanuyi ikuphunzitsa ndi akuluakulu omwe."

"Timayesetsa."

Namwino anawerama kufunafuna nsapato ya Kabelu pansi pa katebulo. Anti anapachika chikwama cha matewera paphewa la mwamunayo, monga ankachitira ndi bambo aliyense. Kenako anavula mphete, n'kuiponya m'thumba la malaya a mwamunayo. Inagunda magalasi, n'kulira pang'ono. Kabelu sanadzuke.

"Botolo lake lili m'mbali," anatero. "Lero sanadye bwino."

Anawaonerera pawindo akutuluka pageti: mayi ndi maluwa, bambo ndi mwana. Ankaoneka bwino. Chimenecho ndiye chinamupweteka kwambiri. Anakhala pakampando ka ana, mawondo atafika pachifuwa, n'kulira mopanda phokoso.

Amayi a Anti anaimba foni. "Mwafika pati? Zakudyatu zikuzizira."

"Ndikubwera ndekha, amayi."

"Nanga apongozi anga?"

"Ali ndi odwala."

Mauthenga anayamba Loweruka. "Duwa langa, ndipatse mpata ndikufotokozere." "Popanda iwe sindiona, ngakhale nditavala magalasi." "Ndimusiya, ndikulonjeza. Ungondidikira mwana akuleko." Anti anawerenga uliwonse kamodzi kokha. Wotsirizawo anauyang'ana nthawi yaitali. Akuleko mpaka pati? Iye ankadziwa bwino kuposa wina aliyense kuti palibe msinkhu umene mwana amasiya kutambasula manja.

Lolemba m'mawa aHedi anamuitanira mu ofesi. Lachisanu lija anali adakalipo, ndipo windo lawo linkayang'ana kukalasi kwa Anti. Anayang'ana chala chopanda mphete, n'kukonza magalasi awo omata ndi tepi.

"Mwana wanga, sindikufunsa zambiri. Kabelu ndikhoza kumusamutsira ku kalasi ina. Kapena ndiwauze amayi ake kuti malo atha, akayese kwina. Sungamayang'ane nkhope imeneyo tsiku lililonse. Wafananatu ndi bambo akewo mphuno."

"Ndi makutu omwe," anatero Anti.

Foni inanjenjemera m'thumba. Sanaitulutse. Kunja, cha kugeti, kulira kodziwika kuja kunali kutayamba kale, ndipo mlonda ankathawira kuseri kwa kanyumba kake.

"Ndiye tipange ziti?" anafunsa aHedi.

Anti anaimirira, n'kuvala epuloni yake.

"Kabelu akhala m'kalasi mwanga. Ndipo pageti ndizimulandira ndekha."