Ife wa pa Pepala

Anakumana pa makina osindikizira mapepala, m'khonde la dipatimenti ya masamu ndi fizikisi. Makinawo anali atameza pepala, ndipo bambo wina wa jekete yotuwa ankawamenya mbama m'mbali ngati amva.

"Mukawamenya salavula," anatero mayi amene anaima kumbuyo kwake. "Tapatukani."

Anatsegula kachitseko ka m'munsi, nasolola pepala lokwinyika, n'kutseka ndi bondo. Makina anayamba kulira bwinobwino.

"Manja amenewa ndi a dokotala," anatero bamboyo.

"Wa masamu. Wa milungu itatu. Fulumirani, mwana wanga akuweruka 3 koloko."

Mayiyu anzake ankamutcha Nachoko, chifukwa siketi iliyonse imene anali nayo inali ndi zidindo za zala zoyera. Anali ndi mwana mmodzi wamkazi wa zaka zisanu ndi chimodzi, amene bambo ake anapita kalekale osatsanzika. Ankakhala ndi akulu ake, namwino wa pakamwa posasefa. Ntchito yake inali yophunzitsa a chaka choyamba, ya miyezi isanu ndi umodzi, ikatha apemphenso.

Bamboyo anali dokotala wa fizikisi. Ophunzira ankamutcha Mafunde, popeza chilichonse kwa iye chinali mafunde: kuwala, phokoso, ngakhale mzere wa ku kantini.

Madzulo omwewo foni inalira Nachoko akuchapa masokosi a sukulu. Unali uthenga wa Mafunde, amene anamupempha nambala pa makina paja.

"Nyenyezi yanga, kuwala kwa dzuwa kumatenga mphindi zisanu ndi zitatu kuti kutifike. Kumwetulira kwako kwandifika pompo."

Mayi wamkulumkulu, wa digiri zitatu, n'kukopeka ndi zimenezo? Anakopeka. Munthu akatha zaka zisanu akungomva "amayi" kunyumba ndi "madamu" kuntchito, dzina lililonse latsopano limamutsekemera.

"Ameneyu amalankhula ngati wailesi," anatero akulu ake, Mafunde atabwera kachitatu kudzacheza. "Wadya, wayamikira, wanyamuka. Mbale anayamba watsukako?"

"Ndi mlendo, achemwali."

"Mlendo wodziwa pamene timaika shuga?"

Nachoko anangoseka. Chimene akulu akewo sankachidziwa n'chakuti Mafunde anali munthu woyamba kufunsa za kope lake lakuda la masamu.

M'kopemo munali zaka zitatu za moyo wake. Ankafuna kutsimikizira mwa masamu kuti mafunde a mtundu wina, akamayenda mu ngalande yopapatiza, sasweka ngakhale ayende mtunda wautali bwanji. Ena ankangoziona zikuchitika. Iye anapeza chifukwa chake. Analemba ali pa benchi ya kuchipatala, m'basi, ndi pa tebulo la kukhitchini, mwana akujambula amphaka mbali inayo.

Mafunde anatsegula kopelo, naliwerenga mpaka kumapeto.

"Ine mafunde amenewa ndakhala ndikuwaona pa kompyuta zaka zinayi," anatero. "Iwe wawagwira pakhosi. Tilembe pepala limodzi, wokondedwa. Mayina awiri pamwamba, lako patsogolo."

"Ukunena zoona?"

"Palibenso ine, palibenso iwe. Pali ife."

Anatulutsa foni n'kujambula tsamba ndi tsamba, ati akawerenge modekha kunyumba. Nachoko anamugwirira ngodya za masamba kuti asapindike.

Patapita milungu iwiri, akupesa tsitsi la mwana, anazindikira kuti pa tsamba lachisanu ndi chiwiri, mzere wachinayi, analemba chizindikiro chochotsera pamene pamafunika chophatikiza. Kakang'ono, koma kankagwetsa zonse zotsatira. Anatha masiku khumi akukonza, ndipo zinatuluka masamba atatu atsopano. Atayesa kumuuza Mafunde, iye anamutseka pakamwa ndi chala.

"Zantchito mawa. Lero ndikufuna maso ako okha."

Kenako pa bolodi la zidziwitso panamatidwa pepala. Malo ena ofufuzira, mumzinda wakutali, ankafuna munthu mmodzi wongomaliza udokotala wa masamu kapena fizikisi. Zaka ziwiri za kafukufuku yekhayekha, popanda kuchonga mayeso a ana mazana atatu. Nyumba ilipo, sukulu ya mwana ili pafupi. Fomu itsekedwa Lachisanu la sabata yachitatu, 5 koloko madzulo.

Nachoko anawerenga kawiri, natsegula fomu pa kompyuta, nadzaza theka.

"Malo ndi amodzi, nyenyezi," anatero Mafunde atamupeza. "Tilimbane tokhatokha? Nditsogole ine. Ndikakhazikika ndikakutsegulira khomo, iwe ndi kamwana kathu. Chaka chimodzi chokha. Ndiponso mwana n'kumusuntha sukulu pakati pa chaka?"

Anati "kamwana kathu". Palibe mwamuna amene anatchulapo mwanayo choncho. Nachoko anatseka fomu.

"Wasiya ntchito yoti uilembere chifukwa cha mawu?" anafunsa akulu ake akusita yunifomu. "Mng'ono wanga, kodi masamuwa amakutha nzeru zina zonse?"

Lachinayi la sabata yomaliza, mkulu wa malo ofufuzira aja anabwera ku dipatimenti kudzamva ofuna ntchitoyo akufotokoza kafukufuku wawo. Mafunde anasankha 3 koloko.

"Usavutike, kuwala kwanga," analemba m'mawa. "Ndikamba zakale zija za pa kompyuta, zotopetsa. Katenge mwana. Ndidzakufotokozera ndi milomo yanga."

Koma tsikulo akulu ake anali pa tchuthi, ndipo anati mwana akamutenga okha. Nachoko anasasa choko pa siketi, nalowa m'chipinda cha semina mochedwa pang'ono, nakhala mpando wakumbuyo kuseri kwa anthu ataliatali. Ankafuna adzamudzidzimutse pomaliza.

Pa khoma panali masamu ake.

Zilembo zake zomwe, dongosolo lake lomwe, ngakhale kachidule kamene anakatulukira ali pa benchi ya kuchipatala. Anadzikhazika mtima pansi. Mwina wasintha maganizo. Mwina dzina lake linali pa tsamba loyamba limene sanalione.

"Apa ife tikusonyeza kuti mafundewa sasweka," Mafunde ankatero, akuloza ndi kandodo. "Kenako ife tikupeza kuti..."

Ife. Nachoko anapuma.

Mlendo uja, mkulu wa malo ofufuzira, anali mayi wa imvi, wovala magalasi a chingwe. Anakweza cholembera.

"Pepani, a Dokotala. Mukuti ife, ife. Ndi inu ndi ndani? Tikufuna tidziwe gawo lanu."

Mafunde anaseka kaseko kake kaja kofewa.

"Ndi kalembedwe chabe, Pulofesa. Mukudziwa mmene timalembera. Ntchito yonseyi ndagwira ndekha."

Ndipo sananame pa za kalembedwe. M'mapepala a masamu ndi fizikisi munthu amalemba "ife" ngakhale ali yekhayekha m'chipinda. Nachoko ankadziwa bwino. Buku lake lonse la udokotala analemba "ife tikuona, ife tikupeza", pamene "ife" ameneyo anali iye ndi kapu ya tiyi wozizira. Ndiye anamva bwanji "ife" wa munthu uyu ngati lonjezo?

Sanalire.  Milomo imene ija. Chala chimene chija pakamwa pake. Anapukuta pakamwa ndi kumbuyo kwa dzanja.

Mafunde anasintha tsamba. Mzere wachinayi, chizindikiro chochotsera chili tiii, chachikulu ngati mtanda wa denga.

Nachoko anakweza dzanja.

"Funso kumbuyoko," anatero mlendo.

Mafunde atamuona, kandodo kanatsika pang'onopang'ono.

"A Dokotala," anatero Nachoko, mawu ali phee, "mzere wachinayi. Chochotseracho chachokera kuti?"

"Chikuchokera... pa mzere wachitatu. N'zoonekeratu."

"Tationetsani. Choko chili apo."

Mafunde anatenga choko. Analemba mizere iwiri, nafufuta. Analembanso, nafufuta ndi mkono wa jekete. 

"Mwina ndi vuto la potayipa," anatero.

"Mukachisintha kukhala chophatikiza, tsamba lotsatiralo likugwa," anatero mlendo, atavala magalasi. "Mulidzutsa bwanji?"

Mafunde anayang'ana khoma, nayang'ana nsapato zake.

Nachoko anaimirira. Anayenda pakati pa mipando, namulanda choko osamuyang'ana, n'kuyamba kumanzere kwa bolodi. Masamba atatu aja anali m'mutu. Analemba mphindi khumi ndi ziwiri osatembenuka, ndipo atafika pansi kumanja anajambula kabokosi kosonyeza kuti umboni watha.

Mlendo anali atasiya kulemba.

"Inu ndinu ndani, mayi?"

"Ndine mwini wa cholakwikacho. Ndinachilemba mu kope langa miyezi iwiri yapitayo. Kope lili mu ofesi, masiku ndinalemba pamwamba pa tsamba lililonse."

"Fomu yanu sindinaione."

"Ili theka."

"Mawa 5 koloko," anatero mlendo. "Sindilonjeza kanthu. Koma ndiwerenga."

Mafunde anamupeza pa khomo la ofesi, thukuta lili kamukamu, mkono wa jekete uli mbuu.

"Nyenyezi, tamvera. Wandichititsa manyazi pagulu. Ukanandidikira panja."

"Ndakuchititsani manyazi."

"Iwe, bwanji ukunditchula inu? Ndimachitira tonse. Akanamva kuti masamu si anga sakanandiganizira. Ndikanalowa, dzina lako ndikanaliika pa pepala lachiwiri. Ndikulumbira."

"Lachiwiri."

"Ndimakukonda. Ukudziwa. Ndikapanda kumva mawu ako tsiku limodzi ndimadwala."

Maso ake anali ndi misozi yeniyeni, ndipo chimenecho n'chimene chinamunyansa Nachoko koposa. Munthu uyu ankadzikhulupirira. Kwa kamphindi, kamphindi kochepa kwambiri, anafuna kumusasa choko pa mkono. Anabisa manja kumbuyo.

Mafunde anaona kufewako. Anatsitsa mawu, nayandikira.

"Tisayambane chifukwa cha kamzere kamodzi, wokondedwa. Ndiye... zija walemba pa bolodi, afufuta ndisanajambule. Unganditumizire madzulo ano? Ndikonze pepala langa fomu isanatsekedwe mawa."

Nachoko anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mmene amayang'anira chinthu chimene mphaka wasiya pakhomo.

"Chotsani dzanja pa chitseko, a Dokotala."

"Nyenyezi..."

"Ndili ndi fomu yoti ndidzaze, mapepala mazana atatu oti ndichonge, ndi mwana amene mawa akufunika kupita ndi chithunzi cha gulugufe. Chotsani dzanja."

Anachotsa.

Nachoko analowa, nakhoma. Apo ndiye misozi inabwera, yambiri, yopsetsa mtima. Anaipatsa mphindi zisanu pa wotchi ya pakhoma, kenako anamina, nayatsa kompyuta. Foni inanjenjemera katatu pa tebulo. Anaitembenuza chafufumimba. Kachinayi anali akulu ake.

"Mwana ndamutenga, wadya. Wailesi ija yayenda bwanji?"

"Yazima, achemwali. Ndichedwa pang'ono."

"Walira?"

"Ndamaliza."

"Chabwino. Ubwere ndi buledi."

Fomu inali pamene anaisiyira. Anadzaza mutu wa kafukufuku, nalemba mayina a aphunzitsi atatu omuchitira umboni, namata masamba atatu aja. Pansi penipeni panali funso lomaliza: mukapatsidwa malowa, mudzabwera ndi anthu angati a pabanja panu?

Analemba mmodzi, mwana, natumiza.