Khutu Pathanki

Magalimoto akale amaopsa, ana inu, koma eni ake ndiwo oopsa koposa. Faines anaziona ndi maso ake.

Ankagulitsa nthochi pachitunda cha ku Msakambewa pamene kapikapu kokalamba kanabwera kakutsokomola, n'kuzimira patsogolo pake penipeni. Dalaivala wake, Godwin, anawerama kaye pansi pa chiwongolero, kenako anatsika akumwetulira.

"Chemwali, tandibwerekani khutu lanu. Mafuta sakufika kuinjini. Gwadani apa pakamwa pa thanki, ine ndikapotokole kiyi. Pampu ikakhala yamoyo imalira ngati njuchi."

Faines anagwada. Kuli zii. Godwin anaweramanso muja, n'kupotokola kachiwiri.

"Yalira! Yalira!" anakuwa Faines, injini n'kudzukadi.

"Amakaniko a pa boma anaitaya, inu mwaidzutsa," anatero Godwin. "Makutu anu okha ndiwo amamva mtima wa galimoto yanga. Nanga wangawu simungaumve?"

Mwana wochenjera akanasenza nthochi zake n'kuthawa! Koma Faines anapereka nambala.

Foni sinapumenso. "Njuchi yanga, wadzuka bwanji?" "Wapamtima, fodya akangochoka m'zigafa ndibwera ndi atsibweni anga kudzakufunsira. Ndikalephera, undiyese galu."

A Filipo, atsibweni ake a Faines, anaika tsiku. Anthu anadikira mpaka dzuwa kupendeka, Godwin osaoneka. Akuti pampu. Anaikanso lina, koma a Filipo ananeneratu: "Akalepheranso, dzina limeneli ndisadzalimve pakhomo pano."

Tsikulo nkhuku ili kale pamoto, uthenga unalowa. "Njuchi yanga, pampu yafanso pachitunda cha msewu wa ku Ntchisi. Ndikulira kuno."

Banja lithe lisanayambe chifukwa cha chitsulo? Faines anathamangira kwa Rajabu, makaniko wa pamsika.

"Achimwene, ndagwira mwendo wanu, tiyeni mukamudzutsire galimoto!"

Anakwera njinga yamoto. Kapikapu anakapezadi pachitunda, koma pathanki panagwada mtsikana wina, khutu pachitsulo, dengu la tomato lili pambali. Godwin atawaona nkhope inagwa.

"Bwererani, a Rajabu, ndikonza ndekha!"

Rajabu sanamvere. Analumikiza papaipi kawotchi kake koyezera mphamvu ya mafuta, napotokola kiyi. Kamuvi ka kawotchiko osasuntha.

"Sefa ya mafuta ikatsekeka, kamuvika kamakwerako pang'ono," anatero. "Apa pampu sikulandira moto n'komwe."

Anawerama pansi pa chiwongolero, pomwe paja, n'kutsegula kabokosi ka mafyuzi a magetsi.

"A Godwin, fyuzi ya pampu ili kuti? Sinapse iyi. Yachita kuzulidwa."

Mtsikana uja, dzina lake Manesi, anadzuka akusasa fumbi m'maondo. "Musavutike, bambo. Mwezi watha inafera pompano, ndinaidzutsa ndine. Akuti makutu anga okha ndiwo amamva mtima wa galimoto yawo."

Mayo ine! Faines anakumbukira kuwerama kuja kwa tsiku loyamba. Anayandikira Godwin, napisa dzanja m'thumba la malaya ake, pamtima penipeni. Anatulutsa kanthu kobiriwira, kochepa ngati chikhadabo.

Rajabu anakabwezera m'kabokosi. Pampu inalira, kamuvi kanalumpha mpaka pamwamba.

"Galimoto iyi ilibe nthenda," anatero.

"Njuchi yanga, dikira ndikufotokozere..."

"Musanditchulenso choncho!" Misozi inali mbwembwembwe. "Ndinagwada m'fumbi, anthu akuona, ndikumayesa Mulungu wandikumbukira. Kwathu atsibweni avala jekete kukudikirani! Tagwada angati pathanki imeneyi?"

Manesi anali atasenza kale tomato wake, akutukwana chotsika chitunda.

Faines anazula yekha fyuzi ija n'kuiponya kuchigwembe, m'tsekera.

"Tsopano yafadi. Gwadani nokha, mumvere."

Anakwera njinga osacheuka. Kunyumba a Filipo anali akadali pampando, maso kumsewu. Ataona mphwawo akutsika panjinga popanda Godwin, anaimirira. Anavula jekete, naipinda bwinobwino.

Ana akazi inu, munthu akakuuzani kuti mutchere khutu, muziyamba mwaona kumene kuli manja ake.