Kavalavu ka M'thumba mwa Amalume

Amalume anga anthu amawatcha Zatheka, chifukwa galimoto iliyonse imene aigwira, ngakhale ikutsokomolabe, amatseka boneti n'kunena kuti zatheka. Anasamukira kuno chaka chatha chomwechi, koma dzinalo lafika kale paliponse. Nkhani iyi anauza amayi anga okha kukhitchini, n'kuwalumbiritsa kuti isatuluke. Anaiwala kuti ine ndimatsuka mbale kuseri kwa chitseko, ndipo makutu anga sagona.

Tsikulo anachedwa kuweruka kugalaja chifukwa cha pikapu yakalekale ya mayi wophika buledi. Mawa lake inkayenera kutinyamula ife, timu ya mpira wamanja ya kusukulu kwathu, kutsika nafe mtsetse waukulu uja wothera pamlatho. Koma buleki inali itauma ngati mwala, ndipo injini ikalira munkamveka kuti sssss, ngati mwalowa njoka. Amalume anatsata phokosolo ndi khutu mpaka anapeza paipi yochokera ku injini kupita kuchimphika chakuda cha mabuleki. Paja injini imayamwa mpweya m'chimphikamo, n'chifukwa chake buleki imafewa ngakhale aponde mwana. Paipiyo inali zidutswa ziwiri, zonse zong'aluka, ndipo pakati pake panali kavalavu kapulasitiki, kukula kwake ngati chala chachikulu.

Amalume anazula zonsezo n'kuikapo paipi imodzi yaitali, yatsopano. Analiza injini, njoka ija zii. Anaponda buleki, yofewa ngati buledi wa mwini wake. Kavalavu kaja anakayang'ana, anati opanga magalimoto amangodzaza tizinthu topanda ntchito, n'kukaponya m'thumba la ovololo. Zatheka! Anakhoma galaja, ulendo wapansi kunyumba, mdima uli bii.

Njira ya kwawo imatsika mtsetse womwewo, kudutsa pambali pa manda, kenako mlatho. Anthu amaopako usiku, koma amalume ankatsika akuimba mluzu, poti amati munthu amene anagonapo kunsi kwa lole jeke ikuphwa saopanso kanthu padziko pano.

Atafika pamanda, mluzu unawathawa wokha. Anati mwina milomo yauma. Achule a kumtsinje nawo anali chete. Kenako kumbuyo kwawo... sssss.

Anaima. Phokoso linaima.

Anayenda. Sssss!

Anayatsa tochi ya foni. Inazima. Anacheuka, kunalibe kanthu. Anatambasula miyendo mpaka pamlatho, ndipo pamenepo, pachitsulo cham'mbali mwa mlatho chimene chinapindika kalekale, panakhala bambo wina wamtali. Malaya ake anali onyowa ngati wangovuuka m'madzi, chikhalirecho mvula inasiya kalekale. Dzanja lake lamanja linalibe chala chaching'ono.

"Amisiri," anatero mwaulemu ndithu, "m'thumbamo mwatenga katundu wa galimoto yanga."

Amalume anafuna kuyankha kuti galimotoyo ndi ya mayi wa buledi, koma dzanja linalowa lokha m'thumba. Linatuluka ndi kavalavu.

"Uzirani. Ndikanauzira ndekha, koma mpweya ndilibe."

Amalume anaika kavalavuko pakamwa. Anauzira, mpweya unadutsa bwinobwino. Bambo uja anazunguza chala, kusonyeza kuti akatembenuze. Anauziranso. Masaya anatupa ngati a chule, mpweya osadutsa.

Bamboyo anafotokoza pang'onopang'ono, maso ali kumadzi, kuti ntchito yake ndi yomweyo: kamalola mpweya kutuluka m'chimphika koma sikaulola kubwerera. Injini ikazima pamtsetse, kamasunga mphamvu yoti uponde kawiri katatu n'kuima. Popanda iko, buleki imasanduka mwala nthawi yomweyo, uponde ndi miyendo yonse iwiri.

"Kanga ndinakataya," anatero. "Mawa m'galimotomo mukwera mwana wanga. Wamtali uja, woponya zigoli."

Amalume anayang'ana kavalavu m'manja mwawo. Atadzutsa mutu... pachitsulo panalibe munthu. Madzi okha, akudontha. Ndo... ndo... ndo...

Mukuganiza kuti anathawira kunyumba? Ndiye kuti simuwadziwa amalume anga. Kuthamanga anathamanga, nsapato imodzi mpaka inatsala pamanda, koma ankathamanga chokwera mtsetse, kubwerera kugalaja. Anadula paipi yatsopano ija pakati, anauziranso kavalavu kuti asakaike chozondoka, n'kukamanga, mbali yotulukira mpweya italoza ku injini. Analiza injini, anaizimitsa, anadikira. Anaponda buleki, yofewa. Anapondanso, yofewabe. Usiku wonse anagona m'pikapu momwemo, zitseko zokhoma, sipanala ili pachifuwa.

M'mawa ife tinakwera kumbuyo tikuimba, osadziwa kanthu. Nsungwi, woponya zigoli wathu, mwana wa mayi wa buledi, anakhala pafupi ndi ine, mawondo ake akundibaya m'nthiti. Amalume anakakamira kukhala kutsogolo ndi dalaivala, maso ali psu, phazi lina mu nsapato, lina mu silipasi yobwereka. Tinawaseka mpaka misozi, mphunzitsi wathu wamasewera nawo ankaseka chobisa.

Pakati pa mtsetse injini inatsokomola. Inatsokomolanso. Inazima. Nyimbo nayo inazima pakamwa pathu. Pikapu inayamba kuthamanga yokha, mlatho ukubwera. Dalaivala anaponda, tinagwerana ngati matumba. Anapondanso, ndipo galimoto inaima, mphuno itatsala pang'ono kununkhiza chitsulo chopindika chija. Amalume anatsika, anamanga waya wina amene anamasuka, ulendo unapitirira. Mpirawo tinagonja, koma zimenezo tisiye, woimbira mpirawo anali wokondera.

Madzulo pobweza makiyi, amalume anafunsa mayi wa buledi ngati akudziwa bambo wina wamtali, wopanda chala chaching'ono kudzanja lamanja, amene amati pikapuyo ndi yake. Mayiwo anali ndi thireyi ya mabanzi m'manja. Anaitsitsa pang'onopang'ono patebulo, n'kukhala pansi pa simenti, ufa uli m'manja.

Anati chalacho chinadulidwa ndi lamba wa injini asanakwatirane. Anati amuna awo ankaitana makaniko aliyense kuti amisiri, ngakhale kuti ankakonda kudzikonzera okha. Madzulo ena anakonza buleki ya pikapu yomweyo, m'mawa anatsika nayo mtsetse, ndipo injini inazima.

"Chitsulo cha pamlathocho anachipinda ndi iwowo, achimwene. Tinawavuula mumtsinje Nsungwi ali kumsana, asanamere ndi dzino lomwe."

Akuti amalume anapisa manja m'matumba onse a ovololo, limodzilimodzi, asanatuluke pakhomopo, ndipo mpaka lero amatero asanatseke boneti iliyonse.

Ine nkhani sindisunga, zimenezo aliyense amadziwa, amayi amati pakamwa panga palibe chitseko. Koma Nsungwi timakhala desiki imodzi, timadyera pamodzi, ndipo iyi sindinamuuze. Ndikati ndiyambe, ndimaona kutalika kwakeko, mawu n'kubwerera okha.