Makasu Pansi pa Mapesi

Madzulo amenewo Selina NyaManda anali kuthirira timitengo ta gilisidiya kuseri kwa nyumba yake ku Nkhorongo. Nkhungu inali itatsika kale monga imachitira ku Mzuzu mwezi wa Juni, ndipo nyali za mahositelo atsopano a ophunzira a pa yunivesite zinkangooneka ngati makala ozilala. Atathira ndowa yachitatu, anamva khasu. Linkalira kumunsi, cha kudambo, kumene kunali minda ya gulu lawo. Kenaka linalira lachiwiri, likuyankha linzake.

Selina anaima, ndowa ili m'manja. M'minda imeneyo khasu silinkaloledwa. Zaka ziwiri m'mbuyomo kunabwera bungwe lina lothandiza alimi. Linapatsa mabanja khumi ndi awiri pampu yoyendera dzuwa, mbande za mitengo yobwezera chonde, ndi lamulo limodzi: nthaka isatembenuzidwe. Mlimi aziphimbira munda wake ndi mapesi, azibzala pobowola timaenje ndi kamtengo, basi. Anthu anavomera mosangalala, chifukwa tauni inali kudya minda mbali zonse, ndipo munda wobereka bwino ndiwo wokha ukanapulumuka kwa ogula malo.

Tsono ndani ankalima? Mphepo inabweretsa fungo limene mlimi aliyense amalidziwa, fungo la dothi logaulidwa kumene. Selina ananena kapemphero ka mumtima nalowa m'nyumba.

Mwana wake Sharon, amene ankaphunzira chaka chachiwiri pa yunivesite, anali chigonere pa mpando. Linali tsiku lachinayi asanapite ku kalasi.

“Mapewa akadali kuwawa?”

“Chomene, amama. Ngati ndasenza njerwa tsiku lonse.”

“Tandionetsa manja.”

M'zikhatho za mtsikanayo munali matuza awiriawiri, pamalo enieni pamene mpini wa khasu umakhudza. M'zikhadabo munali dothi lofiira. Kupatula ulendo wa kuchipatala, Sharon anali asanatuluke panja chiyambire Lamulungu. Kuchipatala anamuyeza malungo, anamuyeza magazi, sanapeze kanthu.

Selina anakhala pansi. Matuza otere anawaonapo. Mwamuna wake Frackson anayamba chimodzimodzi chaka chatha: mapewa, matuza, kenaka lilime kulemera, ndipo sabata yachiwiri isanathe anamuika m'manda. Miyezi iwiri Frackson asanadwale, Amos wa m'gulu lomwelo anapita mwa njira yomweyo.

M'mawa mwake anapita kwa Lettie, mkazi wamasiye wa Amos. Anamupeza akusankha nyemba pakhonde.

“Mwawuka uli, mama Lettie?”

“Tawuka. Nkhope imeneyo bwanji?”

“Dzulo munamva?”

Lettie anasiya lichero nayang'ana kumsewu. “Makasu? Ine ndinayamba kuwamva kalekale. Poyamba linali limodzi.”

“Nanga lachiwiri?”

“Linayamba sabata imene tinaika a Frackson. Pepani, NyaManda. Ndinaopa kukuuzani.”

“Amalira m'munda mwa ndani?”

“Musandifunse zimenezo. Ndili ndi ana.”

Koma maso ake anali atanena kale. Anayang'ana kumunsi kwenikweni, kumene kunali munda wa a Zebedee, tcheyamani wa gulu. Munda umenewo ndiwo unali ulemerero wa pulojekiti yonse. Alendo a bungwe ankabwera pa magalimoto kudzaujambula. Chimanga chake chinkabereka ziwiriziwiri, kabichi wake mwana sankatha kumunyamula, pamene a Zebedee eniake ankangoyendamo atavala jekete, manja ali osalala ngati a kalaliki. Ena ankanong'ona za ndondocha, anthu akufa amene mfiti imawadzutsa, kuwadula lilime ndi kuwagwiritsa ntchito. Koma a Zebedee ndiwo ankatsegula msonkhano uliwonse ndi pemphero, ndiye wonong'onayo ankadzimvera yekha manyazi.

Masana a tsiku lomwelo kunabwera a Dinah, alangizi a pulojekiti, pa njinga yawo yamoto. Anali mayi wa chilungamo, wochokera ku Dedza, wokonda ntchito yake. Anamva kuti Sharon akudwala ndipo anabwera ndi malalanje.

“Achire msanga mwanayu,” anatero a Dinah. “Ndimafunanso kuti adzanditapirenso dothi. Envulopu yake yasowa.”

“Envulopu yanji, madamu?”

“Ya dothi lokayeza. Loweruka lija inu munali ku umanyano wa amayi kutchalitchi, ndiye Sharon anatapa ndiye, poti a Frackson atamwalira munda unalembedwa m'dzina lake. Mukudziwa mmene timachitira. Mwini munda amaima pakati, n'kutapa pomwe waimapo, ife n'kulemba dzina pa envulopu. Zonse zimagona kwa a tcheyamani kudikira galimoto. Koma ku labotale zafika khumi ndi imodzi.”

Selina anafunsa msanga: “Chaka chatha zinafika zonse?”

A Dinah anaganiza pang'ono. “Ayi. Zinasowa ziwiri. Ya a Amos ndi ya...” Sanamalize. Anayang'ana Selina, nayang'ana chitseko cha chipinda cha Sharon, ndipo lalanje limene linali m'manja mwawo linagwa.

Ali mwana ku Nkhata Bay, Selina ankamva akulu akuletsa kuti munthu asalole wina kutapa dothi la pamene waponda. Frackson ankaseka zimenezo. Tsiku lotapa dothi anavula nsapato dala, naima pakati pa munda, natapa pakati pa mapazi ake akunena kuti, “Akayeze ndi thukuta langa lomwe.” Gulu lonse linaseka. Palibe anaganiza kuti akudzipereka okha, aliyense m'envulopu yake, dzina lolembedwa bwino ndi cholembera chakuda.

Pofika chakumadzulo Sharon anayamba kulankhula ngati ali ndi mwala m'kamwa. “Amama, lilime,” anatero, ndipo mawu otsatirawo sanamveke. Selina anawerenga masiku. Frackson lilime litalemera anangokhala masiku atatu. Anaitana Lettie kuti akhale ndi wodwalayo, anagwada pambali pa bedi napemphera mwachidule, anamanga chitenje chake molimba natuluka. Dzuwa linali lisanalowe, koma nkhungu inali itaphimba dambo lonse kuti mbuu.

Anadutsa munda wake, anadutsa thanki ya pampu, anatsata mzere wa gilisidiya mpaka m'malire a a Zebedee. Makasu anali atayamba. Tsopano ankamveka pafupi, koma osati kutsogolo kapena kumbuyo. Ankamveka ngati akuchokera pansi pa mapesi. Kunalibe mbalame, kunalibe chule, ngakhale galimoto za pamsewu wa ku Ekwendeni zinali zii.

Selina anawerama nakweza mapesi. Pamwamba munda unali wophimbira bwino monga lamulo linkanenera, koma pansi pake nthaka inali yogaulidwa, yofewa, yofunda ngati thupi la munthu. Ndipo pa dothi lofewalo panali phazi lopanda nsapato, la kumanzere, la zala zinayi. Frackson anataya kachala kakang'ono ndi nkhwangwa ali mnyamata. Selina anali atasambitsa phazi limenelo ndi manja ake tsiku la maliro.

Pofotokoza nkhaniyi, akafika pamenepa Selina amanena kuti sanakuwe chifukwa Mulungu anamugwira pakamwa.

Makasu analeka. Atadzutsa mutu, anaona anthu awiri ataima mu nkhungu, mapazi khumi okha kuchokera pamene iye anali. Anali oonda, otuwa ndi dothi, mitu yoweramira pansi. Wina anagwira khasu ndi dzanja lamanzere, monga ankagwirira Frackson. Pambali pawo panali khasu lachitatu, laling'ono, la mpini watsopano, litatsamira pa mtengo.

“A Nyirenda,” Selina anaitana mwamuna wake monga ankamuitanira kunyumba. “Ndine NyaManda. Mwana wathu akufa.”

Wamanzereyo sanadzutse mutu. Pakamwa pake panatseguka, koma munalibe choti n'kulankhulira. Kenaka dzanja lija linakweza khasu pang'onopang'ono, ngati likulimbana ndi chingwe chosaoneka, n'kuloza dzenje la manyowa limene linali pakona pa munda.

Selina anathamangirako. Fungo lake silinali la manyowa okha. Anafukula ndi manja, masamba oola akumatirira m'zala, mpaka anakhudza mphika wovundikira ndi phale. M'katimo munali maenvulopu atatu a khaki. Ya Amos inali yopanda kanthu. Ya Frackson inali yopanda kanthu. Dothi lake linali litamwazidwa kale m'munda umenewu, ndipo Selina anadziwa kuti sangalitolenso. Ya Sharon inali ndi dothi lofika theka. Analikhuthulira pa ngodya ya chitenje chake, namanga mfundo ziwiri, envulopuyo n'kuitaya pansi.

“Mwatandala uli, NyaManda?”

A Zebedee anali ataima kumbuyo kwake. Anavala jekete lawo lija, koma kumapazi analibe nsapato. Ankamwetulira monga ankachitira polandira alendo a bungwe.

“Mukufuna chiyani m'munda mwa eni nthawi ino?”

“Ndatenga za mwana wanga, a tcheyamani.”

“Za pulojekiti zimenezo, mama. Bwezani.”

“Sindibweza.”

“Mukuganiza kuti pampu ija ikanakhala kuno popanda munda uno? Alendo aja amabwera kudzaona chiyani, nyemba zanu zija? Gulu lonse likudya chifukwa cha ine.” Anayandikira, mapazi awo akumira m'dothi lofewa. “Wophunzira ndi wabwino, sachedwa kumva ntchito. Bwezani, mwina inu ndikusiyani.”

Selina anabwerera m'mbuyo akunena Salimo limene linamubwerera, mawu ake akusokonekera. A Zebedee anaponda kachiwiri, kachitatu, natambasula dzanja. Iwo maso anali pa chitenje, ndiye sanaone zimene Selina anaona. Wamanzere uja anali atagwada kumbuyo kwawo. Anatola envulopu yotayidwa ija. Anatapa dothi pa phazi limene a Zebedee anali atangodinda kumene, mosamala, monga a Dinah anaphunzitsira, nalithira m'katimo, napinda kukamwa kwake.

A Zebedee anaima. Dzanja lawo linagwa. Anagwira phewa, kenaka anagwira pakhosi. “NyaMa...” anatero, lilime n'kukana. Munthu wachiwiri uja anapita pa mtengo, natenga khasu la mpini watsopano, nabwera nalo.

Selina anathawa osacheuka. Atafika kunyumba anamasula mfundo zija pakhomo, namwaza dothilo pamene Sharon ankaponda tsiku ndi tsiku potuluka, akupempha Mulungu kuti amukhululukire ngati akulakwa. Atalowa, anapeza Lettie akulira, ndipo anaganiza kuti wachedwa. Koma Sharon anali atadzuka, atatsamira khoma.

“Amama,” anatero momveka bwino, “munali kuti? Ndikufuna tiyi.”

A Zebedee sanaonekenso. Abale awo anafunsa ku Ching'ambo, ku Geisha, mpaka kumudzi kwawo, osapeza kanthu. Jekete lawo linapezeka litakolekedwa bwinobwino pa nthambi ya gilisidiya. A Dinah akupitiriza ntchito yawo, ndipo minda khumi ndi umodzi ikubereka mwa pang'onopang'ono, monga nthaka yochira imachitira. Koma dothi lokayeza amatapa okha tsopano, m'mphepete mosapondedwa, ndipo pa envulopu amalemba nambala. Maenvulopuwo sagona kwa munthu.

Munda wa kumunsi uja abale anaugulitsa, ndipo pamangidwa hositelo ya zipinda makumi awiri. Ophunzira a zipinda za pansi sakhalitsa. Amati nkhungu ikatsika, simenti imanjenjemera pang'ono, ndipo m'chipinda mumadzaza fungo la dothi logaulidwa kumene.

Sharon anamaliza maphunziro ake. Zipsera za matuza zikadalipo m'zikhatho mwake, ndipo amakhulupirira kuti anapsa ndi ketulo ali m'kati modwala. Mayi ake sanamuuze.

Selina amathirirabe mitengo yake madzulo. Makasu akayamba, amatula ndowa n'kumvetsera. Amakhala atatu. Awiri amalira mwa pang'onopang'ono, ngati a anthu amene sakuthamangitsidwanso ndi wina. Lachitatu limalira mofulumira, mosapuma, ngati la munthu amene akuyang'aniridwa. Iye amapempherera onse atatu, koma amayamba ndi wamanzere.